Nyemba za Matildah ndi Mita Yosowa

Nkhaniyi anandiuza ndi Gideon, bambo wa ku Chipata amene ndinakhala naye mpando umodzi m'basi ya ku Mchinji. Iye anayendetsapo galimoto yogawa madzi akumwa ku Dubai, ndipo akuti anaimva kwa mlongo wake Lennah.

Chaka chija cha korona, Matildah, mayi wa ku Ntcheu, ankagwira ntchito yam'nyumba ku Silicon Oasis, dera lina la ku Dubai komweko, m'nyumba zosanjikizana zija. Ankagona komweko, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, kongokwana bedi ndi sutikesi. Gasi kumeneko sabwera m'silinda ngati kuno, amayenda m'mapaipi, ndipo nyumba iliyonse ili ndi mita yake. Matenda atavuta, owerenga mita anasiya kulowa m'makomo, kampani n'kuyamba kulemba bilu yongoganizira. Mwezi ndi mwezi inkakwera. Abwana aamuna anali atadulidwa malipiro kuntchito, ndipo Madamu, amene tsopano ankaswera pakhomo, sanachedwe kupeza wolakwa: nyemba za Matildah.

"Poto ameneyu ali pamoto kuyambira m'mawa," anatero Madamu. "Bilu ikabweranso chonchi, khalas, zatha, ndikubweza kwa ejenti."

Kwa ejenti amene anamupezera ntchitoyo Matildah ankakudziwa bwino, azimayi kugona pansi mothinana, kudikira ndege zimene sizinkauluka. Anasiya nyemba. Anasiya ndi tiyi wamasana yemwe. Bilu yotsatira inabwera yokwererapo.

Madamu ataimba kukampani, anawauza kuti ajambule mitayo ndi foni, atumize chithunzi, zonse zikonzedwa. Koma mita ili kuti? Wa pafoniyo anati afunse mlonda. Mlonda anati afunse mwini nyumba. Mwini nyumba anali atatsekeredwa kudziko la kwawo, foni osayankha. Ntchito yosaka inagwera Matildah.

Iye mita ankaidziwa kuti imakhala panja: ya magetsi pakhoma pafupi ndi chitseko, ya madzi kumpanda. Choncho anasaka panja. Anatsegula timakabati tonse ta m'kanjira kopita kuchikepe, anatsikira pansi poimika magalimoto, anakwera mpaka padenga, dzuwa likuwamba, masiki itanyowa ndi thukuta. Mlonda ankangomutsatira ndi mulu wa makiyi, akuti, "Mawa, sister, inshallah." Madzulo Madamu ankafunsa ndi maso okha.

Tsiku lina pokataya zinyalala anakumana ndi Lennah, wantchito wa nyumba ya pamwamba pawo.

"Ba Matildah, mwaonda monga ndimwe mulipila lendi," anatero Lennah.

"Ndisiye, mwana wa amayi. Miyendo yatha ndi kusaka mita. Mwina kwathu anaiwala kuikamo."

"Mita chabe? Yathu ili mu sitolo, kuja ku kachipinda ka kumbuyo kwa khitchini. Dikilani, ninaijambula."

Matildah anayang'ana pafonipo. Kabokosi kotuwa, kagalasi kutsogolo, kali pamwamba pa khoma pafupi ndi denga. Anatula chidebe cha zinyalala pansi, n'kutsamira khoma.

"Imeneyo si kamera?"

"Kamela ya chani?"

Matildah anamufotokozera. Asanabwere panyumbapo, anzake kwa ejenti anamuchenjeza kuti mabwana a kuno amabisa makamera paliponse, ngakhale mogona wantchito. Tsiku lofika, atangotula sutikesi, anaona kagalasiko kakumuyang'ana pamwamba pa bedi. Anakwera pabedipo, n'kukaphimba ndi chitenje cha kumpingo, n'kumanga mfundo kumbuyo. Kuyambira pamenepo sanakakhudzenso, ndipo povala ankatembenukirabe kuchitseko.

Lennah anaseka mpaka masiki inatsetsereka pamphuno. "Mita mwaivalika chitenje monga mai busa. Nanga Madamu salowamo?"

"Alowemo kudzatani?"

Kenako Lennah anatsitsa mawu. "Koma mvelani, asisi. Kwathu wa kampani anakamba ati mwamene muli mita simugona munthu. Ndiye chifukwa ine nigona na bana. Ganizani bwino musanakambe."

Matildah anabwerera m'kachipinda kake, natseka chitseko. Anamasula chitenje chija, fumbi likumuthothokera m'maso. Manambala anali pomwepo, kuseri kwa kagalasi. Akangokhala chete, bilu ibwera yokwera, ndipo sutikesi ilunjika kwa ejenti. Akanena, ntchito itsala, koma chipinda chokhacho m'dziko lonselo chimene akanatha kudzitsekera n'kulira kapena kuimba foni kwa ana ake chimuchoka. Anakhala pabedi nthawi yaitali, chitenje chili pamiyendo. Kenako anachipinda, n'kupita kukagogoda kwa Madamu.

Chithunzi chitatumizidwa, manambala anasiyana kwambiri ndi a pa bilu moti kampani inatumiza munthu kudzaona yekha. Anabwera atavala magolovesi, anakwera pampando, anawerenga. Nyumbayo inali itagwiritsa ntchito gasi wochepa kwambiri, ndipo anati ndalama zopitirirazo adzazichotsera pa mabilu a m'tsogolo. Potsika anayang'ana bedi.

"Apa pamagona munthu?"

Madamu anayang'ana Matildah. Matildah anayang'ana pansi. Bamboyo anati bedi likapezekanso mmenemo, gasi adzatseka.

Madzulo a tsiku lomwelo mlonda anadzamasula bedi. Matiresi anakaiyala pansi m'chipinda cha ana, pakati pa mabedi awo awiri, sutikesi n'kuikankhira kunsi kwa tebulo la zidole. Za ejenti Madamu sanazitchulenso. Kupepesanso sanapepese. M'kachipinda muja analowetsamo njinga za ana ndi makatoni a nsapato.

Gideon anathera pamenepo, basi ikulowa pa Kamwendo. Ananenetsa kuti mayiyo sankadziwa kanthu mpaka tsiku loona chithunzi lija. Ine apo ndiye ndikukayika. Ndagona m'nyumba zambiri za eni, ndipo munthu sulephera kudziwa chimene chili pamwamba pa mutu wako, makamaka chokhala ndi mapaipi awiri olowera kukhitchini. Ndikuganiza kuti Matildah anaizindikira mitayo kalekale, ndipo padenga paja ankakwerapo dala, kuti asataye kachipinda kake.