Dothi la Pasitendi ya Elina

Elina anatsika tekisi ku Orange Farm, ku Joni, n'kupeza baki, galimoto yonyamula katundu ya aneba ake, Xolani, itaima m'bwalo mwake, dothi lili tho. Pambali pake panali mayi wa masipala, khonsolo ya mzinda, Hlengiwe, buku lili m'manja.

Zonsezi anautsa ndi mlamu wake Jimmy, wongotsika kumene basi pa Park Station kuchokera kwawo ku Dedza. Elina anamupempha kuti akumbe dothi kuseri, aumbe njerwa za chipinda cha abambo a Elinayo, a Aloysius, omwe ankagona m'kanyumba ka malata, chifuwa chili chowasautsa, chisanu cha Juni chili pakhomo. Koma Jimmy ameneyu, abale, Dedza anabwera nayo m'thumba. Kwawo dothi la pamalo pako ndi lako, wofuna ngolo umamugulitsa. Ndiye aneba atasirira, iye basi fosholo m'manja, kudzaza baki kuti awagulitse.

"Sisi," anatero Hlengiwe, "wogulitsa dothi ndi wamgodi, ndipo sitendi ino ndi malo okhalapo anthu. Chilolezo mulibe. Ndiimitsa ntchito yonse."

Kuimitsa ntchito kunali kuwasiya abambo ake m'malata mpaka chaka chamawa. Koma Elina sadya zamantha. Asanayambe n'komwe ntchitoyi anali atakhala tsiku lathunthu pamzere ku ofesi, kufunsa zololedwa ndi zoletsedwa.

"Mwini malo amaloledwa kukumba zomangira pake," anayankha. "Choletsedwa ndi kugulitsa. Nanga bakiyi yatuluka pageti?"

"Sinatuluke."

"Ndiye palibe chagulitsidwa. Alamu, patseni fosholoyo."

Anavula nsapato za kuntchito, nakwera baki, nayamba kukhuthula. Jimmy manyazi anamugwira, nayenso anakwera. Xolani anangoyang'ana kumbali ngati galimotoyo si yake.

Hlengiwe anayeza dzenje ndi tepi, nati mbali imodzi yayandikira kwambiri mpanda, aikwirire lero lomwe. Anatseka buku osalembamo kanthu.

Apo a Aloysius anatuluka akutsokomola, natola khasu.

"Abambo, lisiyeni, mudzipweteka," anatero Elina.

"Ndileke, mwanawe," anayankha mkuluyo, akupumira m'mwamba. "Zaka makumi atatu ndakumba pansi pa Joni m'migodi ya eni ake. Lero ndi koyamba kukumba panga."

Elina anawasiyira khasulo.