Kuona Nkhope pa Dividi

Achimwene anga a Misheck anamwalira ku America mu 2006, ndipo anaikidwa komweko. Ife ku Kawale kuno tinangomva pa foni. Tinakhuza maliro opanda bokosi, anthu n'kubalalika, koma amayi anakanitsitsa kumetedwa.

"Ndimete tsitsi chifukwa cha mawu a pa foni?" ankatero. "Ndaona nkhope ya ndani ine?"

Miyezi inapita. Geti likangolira, amayi ankadzuka kukasuzumira. Zinkandipweteka, komanso zinkandipsetsa mtima. Ine pakamwa panga sipachedwa, moti tsiku lina ndinawauza kuti wakufa sagogoda pa geti. 

Kenako anzawo a malemuwo anatumiza dividi ya mwambo wa maliro. Amalume a Ezekiel anabwera kuchokera ku Ntcheu, amayi a mvano n'kudzaza pabalaza. Titaika chimbale, nyimbo inamveka bwinobwino, koma zithunzi zinkangothamangira m'mwamba, zopanda mtundu, anthu ngati mithunzi. Amalume anamenya tivi m'mbali. Ine ndinapukuta chimbale ndi chitenje mpaka mkono kuwawa. Palibe chinasintha.

"Mwaonatu," anatero amayi motsitsa. "Ngakhale makina akukana. Mwana wanga ali moyo."

M'mawa mwake ndinapita ku msika wa Chilinde kwa a Malizani, aja amajambula maukwati. Ndinafika ndi ukali, ndikunyoza anthu otumiza zinthu zowola pa nkhani ya maliro.

"Chimbale chilibe vuto, achemwali," anatero a Malizani. "Kanema wa ku America amayendera dongosolo la NTSC, pomwe tivi yanu imawerenga dongosolo lina, la PAL. Ndichilowetsa mu kompyuta, ndichitembenuze, ndikukopereni pa china."

Ndinadikira pa benchi, filimu ya ku Nigeria ikusokosa m'shopu yoyandikana. Atamaliza anandiitana kuti ndione ngati zili bwino. Ndinakana. Ndikanaona bwanji nkhope mwini mwana asanaone?

Loweruka tinasonkhananso. Ulendo uno zithunzi zinakhazikika. Tinaona tchalitchi chachikulu, anthu ochepa ovala majekete, maluwa mbwee, ndi bokosi lotsekula. Kamera itayandikira kumutu, amalume anandiuza kuti ndiimitse pomwepo. Ndinaimitsa ndikuyang'ana pansi.

Palibe anakonza zimene zinatsatira. Amayi a mvano anayamba nyimbo chapansipansi, awiri n'kuwadzutsa amayi anga, kuwagwira uku ndi uku. Ena tonse tinandanda pambuyo pawo monga timachitira pa maliro. Amayi anagwada patsogolo pa tivi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaika chikhatho pa galasi.

"Ndi iyeyu," anatero. "Koma waonda mwana wanga."

Apo m'pamene analira, kulira kumene sanalire chilandirire foni ija. Nanenso nditafika ndinawaona achimwene, atavekedwa tayi yofiira imene sakanaisankha okha. Ukali wanga wonse unathera pomwepo.

Onse atadutsa, nkhope inali idakali pa galasi. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma amayi anandigwira pa mkono.

"Iwe ndiwe mlongo wake. Ndi kuti kumene unaona mlongo akutseka bokosi la maliro?"

Amalume anagwedeza mutu kuvomereza. Anatuma munthu kwa abambo Amosi, oyandikana nafe, amene amatsogolera adzukulu m'dera lathu lino maliro akagwa. Anawapeza akukhoma denga la khola la nkhuku. Abambo Amosi anasamba m'manja, navala jekete, nalowa m'nyumba chowerama.

"Eni mbumba, tatha kuona?" anafunsa.

"Tatha," anayankha amalume.

Abambo Amosi anagwada pambali pa tivi. Anadikira mpaka amayi atachotsa okha dzanja pa galasi, kenako anadina batani.