Nyimbo ya Amalume

Munsi unali m'mwamba, nyimbo ili pakamwa, pamene ndinaona mapazi a munthu kuseri kwa nkhokwe. Sindinavutike kuwazindikira. M'mudzi mwathu monse ku Lirangwe, munthu wovala nsapato pakati pa sabata anali mmodzi yekha, mlongo wanga wamkulu, a Dickson.

"Usasiye, Salome," anatero akutulukira, banjo yawo ataibereka kumsana ngati mwana. "Imeneyo waitenga kuti?"

"Si nyimbo iyi, achimwene. Ndikungokonola chimanga."

Ndinanama. Inali nyimbo ndithu, ndipo inali yanga. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinali nditabereka mwana wanga woyamba, koma anabadwa ali zii, osalira. Kwathu mwana wotere amamutcha mtayo, ndipo mtayo saliridwa. Amuna sayandikirako. Amayi aang'ono, a Magret, amene anatilera amayi athu atatisiya, anamukulunga m'kansalu n'kupita naye kuthengo ndi amayi anzawo. Anakumba kadzenje kosaya, osaunda mtumbira, osasiya chizindikiro. Pobwera anandipeza ndikusisima, ndipo anandigwira pakamwa.

"Meza misoziyo, mwana wanga. Ukamulira uyu, utsekera anzake njira."

Ndinameza. Dzina analibe, pamene anagona sindinapaone, ngakhale nyimbo ya kutchalitchi sanamuimbire. Amuna anga, a Tobias, ankatchetcha udzu ku bwalo la ndege ku Chileka ndipo ankabwera Loweruka lokha. Atabwera anandigwira paphewa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma chisoni chili ngati madzi a mvula m'munda wotsetsereka, ukatseka uku amakaboola uko. Changa chinaboolera pamtondo. Pamtondo mkazi amaimba zimene pakamwa pake sipanganene, ndipo wakumva amakhala ngati sanamve. Mwambo umenewu ngakhale mwana amaudziwa.

Ndinkaimba pang'onopang'ono, liwu lililonse likutsika pamodzi ndi munsi:

Anabwera osalira,
anapita osalira,
nanenso akuti ndisalire.
Du, du, mtondo, lira ndiwe.

A Dickson anakhala pa mtondo wakale wogudubuzika pambali, n'kundikakamiza mpaka ndinawauza zonse. Ndinawauza chifukwa anali mlongo wanga, mwini mbumba, amene tsiku lina adzaimire ana anga pa milandu ndi pa maukwati. Maso awo anafiira. Koma zala zawo, zimene sizinkadziwa kukhala chete, zinali zitayamba kale kufunafuna nyimboyo pa mawaya. Ndinasiya munsi n'kugwira khosi la banjoyo.

"Achimwene, nyimbo iyi ndi manda a mwana wanga. Ena ndilibe."

"Ndamva, mlongo wanga."

"Mulumbire."

"Pali amayi athu kumanda, siidzatuluka pakamwa panga."

Ndinawakhulupirira. Munthu akalumbirira mayi amene munayamwa bere limodzi, umafunanso umboni wanji?

M'chilimwe cha chaka chomwecho, m'zaka zija za Chitaganya, a boma anakonza chikondwerero chachikulu cha zoimbaimba pa bwalo la mpira ku Chileka. Akuluakulu ankati ameneyu ndi shuga wothira m'mankhwala owawa, tisapiteko. Anapita ndi iwo omwe, atavala majekete. Kunamveka kuti kubwera anthu a wayilesi ndi makina awo, ndipo gulu lopambana alijambula mawu kuti limveke mpaka ku Halale. Woweruza anali anthu eni ake: amene awomberedwe m'manja kwambiri, wapambana.

A ku Lirangwe tinapita pa lole ya mmwenye wa sitolo, titathithikana ngati matumba a nandolo. Ine ndinakhala pakona, ndikutchinga pamimba ndi mkono. Ndinali ndi pakati pena, pongoyamba kumene, ndipo ankadziwa ndi a Magret okha.

Anthu ochuluka chotero ndinali ndisanawaonepo. A ku Kuntaja anabwera wapansi, a m'tauni pa njinga, ena anakwera m'mitengo ya mango mpaka nthambi kulendewera. Nsanja anaimanga ndi migolo ndi matabwa, pamwamba pake atapachika chimkuzamawu chonga duwa la dzungu. Dzuwa linali likuswa mtengo.

Anayamba ndi ana a sukulu ya mishoni, atavala makhaki owuma ndi sitachi. Tinawawombera m'manja mwaulemu, monga muja umayamikira ndiwo zopanda mchere kwa apongozi. Kenaka panakwera mlembi wina wa suti kuti atifotokozere ubwino wa Chitaganya. Palibe anamutukwana, chifukwa apolisi anali ataima m'mbalimu. Bambo wina kumbuyo anangotsokomola. Mnzake anatsokomolanso. Posakhalitsa bwalo lonse linagwidwa ndi chifuwa, amayi, ana, ngakhale a m'mitengo aja, mpaka mlembiyo anapinda pepala lake n'kutsika. Atangotsika, chifuwa chinatha.

Panabwera mkulu wina wa bangwe, wa mawu okoma zedi. Tsoka lake, atangofika pakati ndege inatulukira kuti itere. Mitu yonse inatembenukira kumwamba, ana akuthamangira kumpanda. Pamene tinkabweza maso, mkuluyo anali atatsiriza, akukulunga bangwe wake m'thumba. M'manja tinawomba ndithu, koma ndikhulupirira tinkawombera ndege.

Kenaka anakwera anyamata a ku Ndirande ndi zitoliro zawo za malata. Amenewo anayatsa moto. Fumbi linali koboo, zipewa zikuuluka, atsikana akukuwa mayina awo. A Tobias, amene anatipeza pabwalopo atachokera kuntchito, anandinong'oneza kuti, "Alamu anga ali pa moto lero. Kukwera pambuyo pa awa ndi kudya nyemba utadya nkhuku."

Ananena zoona. A Dickson anakwera ndi mnzawo a January, amene ankaimba chibokosi cha tiyi cha chingwe chimodzi. Anayamba ndi nyimbo yawo ya njinga yopanda mabuleki, imene ku Lirangwe inkatigwetsa ndi phwete. Ku Chileka inafera m'malere. Anthu anayamba kucheza, ogulitsa zitumbuwa anakweza mawu kuposa chimkuzamawu. Wina anakuwa kuti, "Tsikani, a Lirangwe, mukagulitse anyezi!" Khoko la nzimbe linauluka n'kugwera pa nsapato zija.

Mtima unandiwawa. Ndinaona thukuta lili kamukamu pankhope pawo, maso akuyendayenda m'khamumo. Atandipeza, ndinakweza dzanja kuti ndiwalimbitse mtima. Mpaka lero dzanja limenelo ndimaliyang'ana. Iwo anathawitsa maso, n'kugwedezera mutu a January.

Chingwe cha chibokosi chinalira. Du, du.

Chakudza sichiimba ng'oma, amatero, koma changa chinaimba. Ndinaizindikira nyimbo yanga liwu loyamba lisanatuluke. Anaithamangitsa nyimboyo ngati mbuzi yolowa m'munda, banjo ikudumphadumpha pamwamba, koma mawu anali omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Anabwera osalira. Anapita osalira. Mawu amene ndinkawanong'oneza chimanga anatuluka m'chimkuzamawu n'kukagunda mpanda wa bwalo la ndege.

Macheza aja anaduka. Ndinaona mapewa a amayi akuyamba kugwedezeka, chifukwa mkazi aliyense pabwalopo anali ndi kugunda kumeneko m'mafupa kuyambira ali kamtsikana. Mayi wina kutsogolo anaimba nthungululu, ndipo zinangokhala ngati wagumula dziwe. Amayi anapanga mabwalo, akusinja m'mitondo yosaoneka. Amuna nawo anayamba kusinja ndi zibonga ndi maambulera, akuseka, ziuno zikuthyoka. Wapolisi wina ankagunditsa ndodo yake pa nsapato. Anyamata a ku Ndirande omwe aja analowa m'bwalo. Pofika kumapeto kwa ndime, khamu lonse linayankha ndi pakamwa pamodzi: "Mtondo, lira ndiwe!"

Mawuwo anali poyera, osabisika. Anthu ankawatchula bwinobwino, mano ali mbee. Koma miyendo ikamva kukoma, makutu amatseka.

"Tiye, Salome!" a Tobias anandikoka dzanja, nkhope ikuwala. "Achimwene ako atenga chikho! Tiye tivine!"

Bambo wa mwanayo ankavina maliro a mwana wake osadziwa. Sindinawaimbe mlandu, chifukwa pamtondo panga anali asanaimepo. Ndinasolola dzanja langa n'kuyang'ana a Magret. Iwo ankadziwa. Anaima chiriri, maso ali pa ine, kenaka pamimba panga. Ndinaganiza kuti abwera adzandigwire, kapena akwera pansanja akatseke pakamwa paja monga anatsekera panga. Koma amayi a kwathu anawazungulira akukuwa kuti, "Mwana wanu uyo, a Magret! Mwalera!" Ndinaona phazi lawo likuyamba kugunda pansi. Kenaka anamasula mpango kumutu n'kuthamangira kutsogolo kukapukuta thukuta la a Dickson, monga amachitira kholo la wopambana.

Ndinatsala ndekha pakati pa anthu zikwi, nditagwira mimba ndi manja onse awiri. Ndinali ndi mantha. A Magret anandiuza kuti kulira kwa munthu mmodzi kungatseke njira, nanga kulira kwa Chileka yense? Ndipo pamwamba pa manthawo panali mkwiyo umene sindinaudziwepo. Anthu anakuwa kuti ibwerezedwe, ndipo inabwerezedwa mpaka mawu a achimwene anasasa.

Ndinawapeza kuseri kwa lole yathu, dzuwa litapendeka. Anyamata anali atangowatsitsa pamapewa, ndipo mzungu wa wayilesi anali atawagwira kale chanza. Atandiona, kumwetulira kunawathawa.

"Salome, tamvera. Unaona wekha mmene zinalili. Anandigenda ndi makoko. Zinangondibwerera m'mutu."

"A January anaidziwira kuti?"

Anatembenuzira nkhope kumbali, ine n'kupitiriza.

"Mwangogwedeza mutu, iwo n'kuyamba pomwepo, osaphonya. Munaiphunzira liti, achimwene? Sabata yomwe munalumbira ija?"

"Tinkangoyeserera. Sindinkafuna kuiimba, pokhapokha zitavuta."

"Ndiye munabwera nayo m'thumba."

"Nanga ukanakonda ndichite manyazi pamaso pa anthu onsewa? Dzina lako sindinatchule. Palibe akudziwa kuti ndi ya iwe, palibe akudziwa za mwanayo."

"N'chimene ndikunena. Mwamutaya kachiwiri."

Anayang'ana nsapato zawo, zili mbuu ndi fumbi. Kenaka anayesa kuseka. Anati nyimbo ili ngati mphepo, sungaitsekere m'nkhokwe. Anati akapita kukajambula adzandigulira nsalu ya m'tauni ndi ambulera. Anati chibale ndi fupa, sichiola, mkwiyo wangawu udzatha. Mwina sichioladi. Koma fupa limathyoka, ndipo likalumikizika limakukumbutsa nyengo yozizira iliyonse.

Pobwerera, lole yonse inkaimba nyimboyo kuchokera ku Chileka mpaka ku Lirangwe. A Magret anakhala pafupi nane, mpango wonyowa uja uli m'manja. Sanandiyang'ane, nanenso sindinawayang'ane.

Miyezi yotsatirayo ndinakhala mtima uli m'mwamba, ndikumvetsera ngati mwana akugunda. Njira sinatsekeke. Jenifer anabadwa nthawi ya masika, akulira mokweza mpaka agalu a kwa aneba anauwa. A Magret anati, "Waona, palibe chinaipa." Kwa iwo mlandu unathera pamenepo.

Nsalu ija inabweradi, ndipo ndinaiyala m'chisa cha nkhuku. Nyimbo inamveka pa wayilesi ya pasitolo ya mmwenye, wolengeza akutchula dzina la a Dickson monyadira. Inalowa m'maukwati, m'mabwalo a mowa, ngakhale ana oweta mbuzi ankaiimba ndi likhweru. Ndinayesapo kamodzi kuiimba pandekha, pang'onopang'ono monga kale. Inakana. Munsi unkathamanga wokha kutsata banjo, ndipo m'malo mwa kansalu kaja ndinkaona maambulera akukwera ndi kutsika. Kuyambira pamenepo ndinkasinja chete, mpaka anzanga anazolowera kunena kuti mtondo wa Salome ndi wa osalankhula.

A Dickson anapita ku Halale ndi banjo yawo, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo ndi masiwiti a ana. Ndinkawapatsa madzi osamba ndi chakudya monga mlongo amachitira. Za tsiku lija sitinazikambenso.

Jenifer atakula kufika potha kunyamula munsi, ndinamusemetsera wake waung'ono. Tinaima moyang'anana pa mtondo umodzi, wanga ukatsika wake ukukwera. Atangogwira kugunda kwake, nkhope inamuwala. Anayamba kugwedeza timapewa, n'kutulutsa mawu ake owonda aja, mothamanga, moseka.

"Anabwera osalira, anapita osalira..."

Anafika poyankha, n'kundidikira.

"Amayi, yankhanitu. Simukuidziwa? Ndi nyimbo ya amalume imeneyi."

Munsi wanga unatsika nthawi yolakwika n'kugundana ndi wake. Mtondo unapendekeka, chimanga n'kumwazika pabwalo, nkhuku n'kuthamangira. Ndinagwada n'kuyamba kutola m'fumbimo, njere imodziimodzi. Pamwamba panga mwanayo anadziyankha yekha, n'kupitiriza kuimba.