Dzanja Lamanzere la Wenzu

Wonga sudziwa mwini wake. Chaka chimene Wenzu Bugeja ankathandiza kukulunga makombola a chikondwerero cha woyera wa mudzi wawo ku Malta, wonga unamuphulikira m'manja n'kumudula chala cha mkombaphala ndi chapakati kudzanja lamanzere. Anthu anati wachita mwayi, poti ena pantchito imeneyi amachita kutoledwa m'minda ya eni. Wenzu mwayiwo sanauone. Dzanjalo analilowetsa m'thumba la buluku, ndipo linkakhala m'menemo pabasi, kutchalitchi, ngakhale pamaliro.

Chimene chinamudya mtima kwambiri ndi sinuka. Kuyambira unyamata wake ankasewerera timu ya kalabu ya bandi ya m'mudzimo, ndipo ndodo yake inali ndi kabati yakeyake pakhoma. Koma wosewera sinuka amayala dzanja lamanzere patebulo, n'kukanikiza chala chachikulu pa cha mkombaphala kuti papangike kangalande koyendamo ndodo. Eni ake amati mlatho. Tsono mlatho wa Wenzu unali utagumuka pakati, ndipo akati amenye, ndodo inkaterereka, mpira woyera n'kulowera kwina ngati woledzera.

Dwardu, mkulu wa timu, anadikira mpaka chilonda chinapola, kenako anamuitanira pambali.

"Achimwene, tisabisane. Ligi ikuyamba, ndipo Grezzju akufuna malo anu. Ine sindingakuchotseni ngati galu. Mudzasewere awirinu Lamlungu lotsatira Pasaka. Mukagonja, malo ndi kabati zikhala zake."

Grezzjuyo, wogulitsa nsomba wa pakamwa posatseka, anali chapafupi akumwa tiyi wa m'tambula.

"Aise Wenzu, akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Nanga zitatu zingamenye sinuka? Ndi kale lomwe, zala zili zonse, ndodo unkaigwira ngati ukupotokola khosi la nkhuku."

Choipa cha wonyoza n'chakuti nthawi zina amanena zoona. Wenzu anali katswiri, koma masewera akafika pothina, dzanja lake lamanja linkafinya ndodo mpaka mitsempha kutuluka, ndodo n'kunjanja, mpira wakuda wotsiriza uja n'kuphonya bowo. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi.

Masana, kalabu ikakhala zii anthu atapita kukagona, Wenzu ankabwera kudzayeserera. Mboni yake inali imodzi, mlongo wake wamkulu Kelina, amene ankagulitsa tiyi ndi pastizzi, tokhala ngati masamusa, m'kalabumo. Tsiku lina ataphonya kophonya, mtima unamupsa. Anatola choko chopaka kunsonga ya ndodo n'kuchigenda. Chinawoloka chipinda chonse n'kukamenya pakati penipeni pa ng'oma yaikulu ya bandi imene inali pakona.

Kelina anasiya kupukuta matambula.

"Iwe, wagenda ndi dzanja liti?"

"Achemwali, ndisiyeni."

"Ndakufunsa. Dzanja liti?"

Wenzu anayang'ana. Ndodo inali kumanja. Chokocho anali atagenda ndi lopunduka lija.

"Unabadwa wamanzere iwe," anatero Kelina. "Sukumbuka chifukwa unali kamwana. Bambo ankakumangira dzanja limenelo kumpando ndi lamba nthawi ya chakudya, ati ndi dzanja la satana. Unkalira mpaka kusasa mawu, ndipo wokupukuta mamina ndinali ine. Kumanjako zala zilipo zisanu, zikungodya ndi kupatsa moni. Bwanji osamanga mlathowo ndi zimenezo?"

Wenzu anaseka, kuseka kwa munthu woopa kukhulupirira. Komabe anatembenuka. Anayala dzanja lamanja pansalu yobiriwirayo, zala zonse zitatambasuka, ndipo kangalande kaja kanabwerera. Vuto linali miyendo. Mwendo umene unazolowera kuwongoka kumbuyo tsopano unayenera kupinda kutsogolo, ndipo atawerama kuti chibwano chikhudze ndodo anadzandira ngati mwana wang'ombe wongobadwa kumene. Kelina anaseka mpaka kugwira m'nthiti, kenako anapita kukatseka chitseko kuti wina asaone.

Nyengo yonse ya Lenti inathera pamenepo. Msana unkawawa, bondo linkadandaula, ndipo panali masiku ena amene ankabwerera kunyumba osalankhula ndi munthu. Koma anazindikira chinthu chimodzi. Chala chachikulu ndi tiwiri totsalato sizikanatha kufinya ndodo ngakhale atafuna. Zinkangoinyamula mofatsa, iyo n'kumayenda yokha, mowongoka kuposa kale.

Lamlungu lija, Misa itangotha, kalabu inadzaza. Anabwera oimba malipenga, onyamula chifanizo cha woyera, ngakhale ena amene sadziwa kuti woyamba kumenyedwa ndi mpira wofiira. Wenzu anatsegula kabati yake, natulutsa ndodo, kenako anatulutsa dzanja m'thumba. Ambiri kanali koyamba kuliona. Manyazi anamugwira, makutu anatentha, koma sanalibweze.

Atawerama chamanzere, anthu anayamba kunong'onezana.

"Taonani, nkhanu yatembenuka," anatero Grezzju. "Dwardu, kodi malamulo amalola kusewera chambuyo?"

"Sewera, aise, nsomba zako zikuwola," anayankha Dwardu.

Poyamba zinaoneka ngati Grezzju adya zosavutikira. Wenzu anaphonya wofiira wosavuta, miyendo itaiwala phunziro n'kubwerera ku zakale, ndipo Grezzju anathamanga kutsogolo akuimba mluzu. Wenzu anapuma, naponda bwino pansi mwendo ndi mwendo, nayala mlatho wake mosafulumira. Wofiira analowa, wabuluu anatsatira, wofiira wina, wapinki. Mluzu uja unayamba kuchepa mpaka unatheratu. Pamene mipira inkatha patebulo, awiriwo anali khosi ndi khosi, ndipo panatsala wakuda yekha woti aweruze mlandu.

Grezzju anamenya mwamphamvu, wakuda anagwedezeka pakamwa pa bowo n'kutuluka, n'kukaima kutali kumapeto kwa tebulo. Aliyense m'chipindamo ankadziwa mbiri ya Wenzu ndi mpira umenewu. Kelina anaika tambula pansi.

Wenzu anawerama. Mantha akale aja anafika pa nthawi yake, sachedwa iwowo. Anatsika m'phewa, nadutsa m'chigongono, kufunafuna zala zoti afinye nazo ndodo. Sanazipeze. Wenzu anamva chimwemwe chikukwera pachifuwa asanamenye n'komwe. Anabweza ndodo pang'onopang'ono, naikankha, ndipo sanadzutse mutu mpaka anamva wakuda akugwera m'bowo.

Kalabu inaphulika. Wina anathamangira pakona n'kuyamba kumenya ng'oma ija, ndipo Dwardu anaiwala kuti ndi mkulu wa timu wosakondera, anakumbatira aliyense amene anali pafupi. Kelina ankalira poyera, akutukwana kuti utsi wa fodya wamulowa m'maso.

Grezzju anali wa pakamwa, koma sanali woipa mtima. Anabwera akupukusa mutu, natambasula dzanja lamanja.

"Wandidya, aise. Kabati ndi yako."

Wenzu anayang'ana dzanja la mnzakeyo, nasamutsira ndodo kumanja, n'kupereka lamanzere, la zala zitatu, pamaso pa anthu onse.

"Gwira ili," anatero. "Ndi limene lakumenya."