Guluu wa Malume

Kompyuta ya Aphunzitsi inakhala pa tebulo langa milungu itatu. Inali yakalekale, chibokosi chake chitasanduka chachikasu ngati mano a wosuta fodya, pakona chitang'aluka. Chibokosi china cha mtundu womwewo ndinali nditachipeza kale, nditachitsuka mpaka msana kuwawa, zam'kati zonse za kompyutayo nditasamutsiramo. Chinatsala n'chimodzi: kumatula kabaji ka kampani kutsogolo kwa chakalecho n'kukamata pa chinacho. Kampaniyo inatha kalekale. Kabajiko kakanathyoka, kena kunalibe.

Ntchito ya mabaji m'shopu mwathu ndi ya Malume, omwe anandiphunzitsa zonse. Koma ulendo uno ankangozengereza. Lero manja akunjenjemera, mawa magalasi aiwala kunyumba.

Lachinayi masana Aphunzitsi anatulukira. Ndi mayi wachikulire, anapuma ntchito chaka chatha. Anadziponya pa mpando wa makasitomala n'kuvula nsapato imodzi.

"Lero sindichoka. Miyendo yanga yatopa nawo masitepe anuwa."

"Mayi, pulasitiki yakale sifuna phuma," anatero Malume ali kuseri kwa shelefu.

"Nanenso ndine wakale, bambo, koma phuma ndili nalo."

Ine ndinali nditatopa ndi onse awiri. Ndinatenga makina owumitsira tsitsi n'kuyamba kufunditsa kabajiko, chapatalipatali, kuti guluu afewe koma pulasitiki isapindike.

"Mwana iwe, tasiya," Malume anatuluka kuseri kuja. "Ukathyola."

"Si inu munandiphunzitsa? Mpeni ayi, kutentha kwambiri ayi, ulusi basi."

Ndinalowetsa ulusi kuseri kwa ngodya imodzi n'kumaukoka uku ndi uku ngati ndikucheka. Unaduka kawiri. Guluu ameneyo sanali wa kufakitale. Anamata ndi munthu amene sankafuna kuti chinthu chidzagwe. Thukuta linali kamukamu. Kachitatu kabajiko kanagwera m'manja mwanga, kamphumphu.

Pamalo pomwe kanali, pulasitiki inali yoyera mbee. Ndipo panali timawu tolembedwa ndi nsonga ya singano: Ndimakukondani. Bwerani Loweruka.

Zilembo zimenezo ndimaziona tsiku ndi tsiku pa timabotolo tathu tosungira zomangira, tomwe amalembapo ndi Malume. Ndinavindikira msanga ndi chala.

"Chotsa chala," anatero Aphunzitsi. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikugwira ana obisa timapepala."

Anavala magalasi n'kuwerama. Anawerenga nthawi yaitali kuposa kutalika kwa mawuwo. Kenako anatembenukira kwa Malume.

"Bambo, Loweruka lake liti?"

Malume anakhala pa bokosi la mawaya. Anaoneka ochepa thupi kuposa m'mawa.

"Papita zaka makumi atatu," anatero akuyang'ana pansi. "Munaibweretsa kompyutayi kabaji katayamba kumatuka. Ndinakachotsa, ndinalemba. Ndinkati ndidonthezepo guluu pang'ono chabe, kuti kagwe mlungu usanathe, muwerenge muli nokha kunyumba."

"Ndiye?"

"Ndiye manjawa. Ndinapukuta ndi sipiriti. Ndinapaka ngodya zonse zinayi. Ndinatsinjikapo buku lolemera masiku awiri. Ndinazindikira mutapita kale kuti ndamata bwino."

"Simukanangonena ndi pakamwa?"

"Ndinadikira Loweruka ndi Loweruka. Kenako ndinati kanagwa, mwawerenga, mwakana. Mwezi uno mutalowa nayo ndi pomwe ndinaona kuti kakadalipo."

Aphunzitsi sanaseke, sanalirenso. Anangopuma mozama ngati munthu wofika pasiteji basi itangonyamuka.

"Manyazi ndi luso m'munthu mmodzi," anatero. "Tsoka lake limenelo."

Anavala nsapato ija pang'onopang'ono, n'kunyamula chibokosi chong'alukacho m'khwapa, chopanda kanthu m'kati.

"Ichi ndatenga. Kabajiko mata pa chinacho, mwanawe." Pakhomo anaima osacheuka. "Loweruka m'mawa ndimakhala kuchipatala. Masana ndilipo. Koma masitepewa sindikweranso. Amene akufuna atsike yekha, abwere ndi kompyuta yanga."

Tinamvetsera akutsika, sitepe imodzi, kupuma, ina. Malume anali chikhalire, akuyang'ana zikhatho zawo ngati za munthu wina.

Ndinakokera chibokosi chotsukacho pafupi n'kutsegula guluu.

"Iwe," anatero Malume ndi mawu otopa, osadzutsa mutu. "Pukuta kaye ndi sipiriti."