Kalavani Yoyandama pa Njedza

Kuchitsime, kutchalitchi, ngakhale pamzere wogula khadi la chipani, manong'onong'o anali amodzi: akuti a Medisoni agulitsa matayala a kalavani ya mzungu. Ine nkhani ndimazikonda, sindikana, koma iyi inkandiwawa, chifukwa a Medisoniwo ndi bambo anga.

Kalavaniyo ndi kanyumba koyera ka malata kokokedwa ndi galimoto. Mwini wake, mzungu wa ku Zomba, ankabwera Loweruka kudzapuma kunyanja kuno, ndipo bambo anali mlonda wake. Zoona zake n'zakuti matayalawo bambo anachita kuwamasula dala, kuopa akuba amene amakapangira ngolo. Kalavani anaikhazika pa njerwa, matayala n'kukawamiza m'njedza, udzu uja wautali womera m'nyanja, n'kuzikapo nsungwi ya chizindikiro monga achitira asodzi akatchera mono. Anatilumbiritsa kuti tisauze munthu. Tangoganizani, ine Jenifa kusunga chinsinsi miyezi itatu!

Ndiye kunagwa mvula ya masiku anayi. Bambo anali kuboma kumsonkhano wa chipani, uja wosakanidwa, ndipo mtsinje wa Likangala utasefukira unawatsekera tsidya lija. Lachinayi m'mawa nyanja inafika pa njerwa. Ine ndi amayi tinapalasa bwato kukafuna nsungwi ija kuti tibwezeretse matayala, tikankhire kalavani kumtunda. Madzi anali ataimeza. Paliponse pankangofanana.

Pobwerera tinapeza a Bizweki, opanga ngolo, atafika ndi ng'ombe ziwiri ndi tcheni. Anati kalavaniyo aikhwekhwereza mpaka kwawo, akatisungire. Koma ndani sadziwa kuti chitsulo chikalowa kumpanda kwawo chimatuluka chili mbaula? Komanso mphekesera ija inayambira pakhonde pawo.

"Mayi a Jenifa, musalimbane ndi madzi," anatero. "Ikapita iyi, amuna anu akagona kundende. Matayala mudadya kale."

"Ikalowa kwanu ndiye akagonako msanga," anayankha amayi. "Masulani tcheni chanu, achimwene."

Iwo anaseka, nati mayi ndi kamtsikana sangaimitse nyanja. Amayi sanawayang'anenso. Anandituma kusikimu ya mpunga kukaitana anzawo, ndipo apa pakamwa panga panagwira ntchito. Ndinakhuthula zonse, za matayala, za nsungwi, za tcheni. Anabwera azimayi khumi ndi awiri ndi zikwakwa zawo, a Fatuma ali patsogolo, akuseka kuti a Medisoni anabisa katundu kwa akuba mpaka anadzibisira okha.

Amayi anakulira pa zimbowera, tinyumba ta asodzi tija toyandama pa njedza. Anati chimene sichingathawe madzi chikwere nawo. Tinadula njedza tsiku lonse, madzi ali m'chiuno, misundu ikutiyamwa m'miyendo. Mitolo tinkailowetsa pansi pa kalavani, ina m'litali, ina chopingasa, pamodzi ndi migolo inayi yopanda kanthu. Kenaka tinaimangirira ku mitengo iwiri ya bulugamu ndi zingwe za khoka, kutsogolo ndi kumbuyo.

Dzuwa lisanalowe mkuntho unafika. Denga la khitchini yathu linauluka ngati lichero. Amayi analowa m'kalavani, nati ikapita apita nayo. Anandithamangitsa kuti ndipite kumtunda, koma ndinalowa basi, ndipo sanalimbikire. Inagwedezeka, makapu a mzungu akugwa mmodzimmodzi, ine ndikutola. Kenaka pansi panamveka kukhulika. Tinali titasiyana nazo njerwa. Zingwe zinalira, zinalira, koma sizinaduke.

Loweruka kunabwera bwato lalikulu. Munali bambo, mzungu uja, a Bizweki, ndi wapolisi amene a Bizwekiwo anakamutenga kuti adzaone umbava wa mlonda. Bambo anali atawerama, chipewa chili m'manja. Atakhota pa mabulugamu, opalasa analeka kupalasa.

Kalavani inali pamenepo, ikuvina pang'onopang'ono pa zingwe zake. Amayi anali pakhomo pake, miyendo ili m'madzi, akusankha mpunga.

Wapolisi anakonza kukhosi, nafunsa za matayala.

"Ali pansi pa madzi panupo, bwana," anatero amayi osadzuka. "Madzi akaphwa mudzawaona. Ngati muli pachangu, a Bizweki avule malaya akuvuulireni."

Mzungu anayamba kuseka mpaka bwato linapendama. Bambo anavala chipewa chawo. Wapolisi anangoima, buku lili lotsegula, pensulo ili m'kamwa.

Inu mukanakhala iyeyo, mukanalemba kuti chabedwa n'chiyani?