Madisiki Anayi a Jethro

Chinthucho chinabwera pa basi kuchokera ku Lusaka chitakulungidwa m'bulangete lakale, ndipo anachilowetsa m'nyumba amuna awiri. Mwamuna wanga Jethro anachikhazika patebulo lodyera ngati walandira mlendo wolemekezeka. Chinali chachitsulo, chophwatalala, cholemera kuposa thumba la simenti. Anati dzina lake ndi seva, kompyuta yosungiramo zinthu, ndipo kampani ina inkazigulitsa motchipa itagula zatsopano.

"Lomba tizadyela pati?" ndinamufunsa.

"Amake Karen, pililani pang'ono. Muzaniyamika."

Sindinafulumire kumuyamika. Atachiyatsa chinabangula ngati chigayo, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati tayamba kugayitsa chimanga. Kenaka chinkangolira mluzu osadzuka. Masana Jethro ankaphunzitsa masamu pa sukulu ina ku Petauke boma. Akaweruka ankachitsegula, kuzula timatabwa ta memore kamodzikamodzi, kutipukuta ndi labala wa pensulo, kubwezera, kuyatsanso, mpaka anapeza kuti kamodzi kanali kakufa. Litatha vuto limenelo chinayamba kuzima chokha kunja kukatentha, chifukwa mafani ake ochiziziritsa anali atatsekeka ndi fumbi. Anachipopa ndi pampu ya njinga pakhonde, iye yemwe n'kutuwa ngati wachokera kumunda. Magetsi akathima mwadzidzidzi chinkadzuka mutu utasokonezeka, ndiye anachigulira batire ndi inveta zimene ine ndinkafuna zikhale za firiji. Ndinachipatsa dzina loti mkazi mnzanga, ndipo Jethro ankangoseka.

Iye mafoni sankawakhulupirira. Ankati foni imabedwa, imagwera m'ndowa, imafa osatsanzika. Chithunzi chilichonse ndi vidiyo iliyonse ankazisamutsira mu seva n'kufufuta pafoni kuti papezeke malo. Munali ukwati wathu. Munali Karen atangobadwa, Karen akuyamba kuyenda, ndiponso Jethro akumuimbira mwanayo nyimbo za Chinsenga ndi mawu ake osalongosoka aja. Loweruka masana tinkaonera zimenezi pa TV, ndipo Karen ankaloza atate ake apagalasi n'kucheukira atate ake apampando, osamvetsa kuti achuluka bwanji.

Kutsogolo kwa seva kunali tidirowa tinayi. Ukakanikiza kabatani, kadirowa kankatuluka ndi disiki yake, yaikulu ngati sopo wochapira. Tsiku lina Jethro anandifotokozera ine ndikusenda mtedza.

"Chithunzi chimozi sichinkhala mu disiki imozi iyai. Chimadulidwa, chidunswa uku, chidunswa uku. Imozi ikafa, atatu otsala akumbuka vonse. Koma zikafa ziwili, ninshi tasila, vonse vataika."

Ndinangoti ee, maso ali pa mtedza.

Jethro sanadwale nthawi yaitali. Mutu, kutentha thupi, chipatala, basi. Karen anali ndi zaka zitatu.

Pamaliro mkazi wamasiye sayankhula. Ndinakhala pamphasa kuchipinda, nkhope pansi, azimayi atandizinga. Titabwerako kumanda, abale ake a Jethro anakhala pabalaza kuti agawane za malemu monga mwa mwambo. Ndinali ndi mantha, pakuti ndikudziwa akazi amene anawalanda mpaka supuni. Koma amalume ake a Jethro, aLazarous a ku Kalindawalo, anayankhula mokweza dala kuti ndimve kuchipinda.

"Nyumba, mipando, na chimashini ichi, ni va mwana. Ise titenge chabe tung'onotung'ono tokumbukila."

Ndinalira chifukwa cha ubwino wawo. Anagawana malaya, nsapato, wotchi ndi tina tooneka ngati tosafunika, n'kuphimba seva ndi chitenje. Ine sindinachivundukule chitenjecho. Ndinkaopa kumva mawu ake m'nyumba momwe iye mulibe.

Mvula inagwa n'kusiya. Tsiku lina m'mawa ndikumusambitsa, Karen anandifunsa kuti, "Amama, atate anali kukamba bwanji?" Ndinayesa kuwatsanzira, kunenepetsa mawu. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Pamenepo ndinadziwa kuti mwanayo wayamba kuiwala, ndipo ine pakamwa panga sindingamubwezere atate ake. Ndinapita kukachotsa chitenje chija. Kutsogolo kwa seva kunali mabowo awiri akuda pamene panali tidirowa.

Ndinaitana Ivan, mnzake wa Jethro yemwe amakonza mafoni ndi makompyuta pamsika. Anachiyatsa, chinabangula monga kale, kenaka nyali yofiira inayamba kuphethira. Anawerenga zimene zinatuluka pagalasi n'kuchizimitsa msanga.

"Alamu, musayatsenso. Madisiki awili atsala aya ali bwino. Pezani imozi chabe pa awili amene anachoka, malinga ikhale mwamene Jethro anaisiyila. Vonse vizabwela."

Imodzi yokha. Ndinaona ngati n'zapafupi.

Ku Kalindawalo, kwa amene anatsogolera kugawana kuja, ndinapita panjinga ya hayala, kusiya Karen kwa mayi woyandikana uja. ALazarous ndinawapeza akusankha thonje pakhonde. Anandilandira bwino, kufunsa za mwana, za nyumba, za ntchito. Nditanena chimene ndabwerera analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansalu komanga mfundo. Anakamasula pamaondo pawo pang'onopang'ono. Munali chigoba cha disiki chitakanulidwa, tizitsulo tomwazika, ndi kambale konyezimira kodzaza mikwingwirima ndi zidindo za zala.

"Apongozi, munikhululukile. Ninamva ati vithunzi va Jethro vili mukati. Ninamuyewa mwana wa mlongo wanga, kumusowa mpaka mtima osagona. Ninatsegula na mpeni kuti nimuone." Anatembenuza kambale kaja padzuwa. "Ninaonamo nkhope yanga chabe."

Njira yonse ndinkakonza mawu owawa oti ndikawauze amene anatenga zinthu osafunsa. Ndinawameza onse. Munthu wamkulu ngati ameneyo misozi ikutsikira m'ndevu, ukamukalipira uyambira pati? Anandiuza kuti disiki inayo anatenga Aaron, mng'ono wake wa Jethro, amene amapikulitsa nthochi ku Nyimba.

Ndinamuimbira Aaron foni tsiku lomwelo. Anati disiki ilipo, waisunga bwino, ndipo ndikaiona ndidzasangalala. Netiweki inaduka ndisanafunse zambiri. Mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chimwalirireni Jethro, moti ndinachita chinthu chimene mayi sayenera kuchita asanagwire chinthu m'manja: ndinamulonjeza Karen kuti amva atate ake akuimba.

Tinakwera basi tonse awiri. Karen ankafunsa phiri lililonse ngati tafika. Pa Nyimba azimayi a nthochi anathamangira m'mawindo, ndipo Aaron anatipeza pakati pawo, n'kumunyamula mwanayo paphewa mmene ankachitira mkulu wake. Amafanana pamayendedwe, ndipo ndinayenda kumbuyo kwawo ndikuyang'ana pansi.

Kunyumba kwake anatulutsa disiki m'sutikesi. Inali itavala kabokosi katsopano kapulasitiki, ndi chingwe chake. Kadirowa kachitsulo kaja kunalibe.

"Alamu, mwachita bwino kubwela. Ninali kufuna kukubweletselani pa Khisimasi," anatero, nkhope ikuwala. "Ninaipeleka kwa mwamuna uja anakopa vidiyo pamalilo. Kompyuta yake inakamba ati mulibe kanthu, ifunika kufomata, kuipukuta ikhale monga yatsopano. Anaifomata, ndiye anaikamo malilo onse, kuyambila panyumba, kutchalitchi, mpaka kumanda. Malo otsala anadzazamo nyimbo za makwaya. Niti Karen akakula akaone mwamene anthu anawakondela atate ake."

Ndinamuyang'ana Aaron. Anali atawononga ndalama zake za nthochi kugula kabokosiko, kulipira wa vidiyo, kusunga mphatso miyezi yonseyi. Ankadikira kuti ndimuthokoze. Ndinamva mkwiyo umene unalibe poti ugwere.

"Zikomo, alamu," ndinatero. "Nibwela, nikambeko pafoni."

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, pamene anaunjika mikoko ya nthochi yophimba ndi masamba, n'kumuimbira Ivan. Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo, ngati kuti ndikafotokoza bwino yankho lisintha. Anandifunsa ngati disikiyo anaidzaza. Ndinati inde.

"Alamu, sembe anangofomata, tikanayesako. Koma vikalembedwa pamwamba, vapansi sivibwela. Pepani maningi."

Ndinakhala pamwala. Ndinaganiza za Jethro atatuwa ndi fumbi pakhonde, pampu ili m'manja, akuteteza zithunzi zathu ku akuba, ku kutentha, ku kuthima kwa magetsi. Zonsezo anaziganizira. Sanaganizire anthu omukonda.

M'nyumba munayamba kumveka nyimbo. Aaron anali atalumikiza kale disiki ku TV, n'kumuuza mwanayo kuti abwere aone atate. Karen sanapite kumanda, tsikulo anamusunga kwa anansi. Ndinamupeza atagwada pafupi ndi galasi, mphuno itatsala pang'ono kuligunda. Amuna ovala majekete akuda ankatulutsa bokosi m'nyumba mwathu. Patsogolo pawo mtsikana wa kwaya ananyamula chithunzi cha Jethro cha m'felemu, chija akumwetulira atavala tayi.

"Awo atate," anatero Karen, akuloza. Anadikira. Chithunzicho chinayenda mpaka pagalimoto, kwaya ikuimba. Anacheuka n'kundiyang'ana.

"Amama, sinimvela. Kwezani. Atate azakamba manje?"

Aaron anandipatsa limoti akumwetulira. Ndinailandira n'kukweza.